Magalamu 10 a mchere m'magalamu 100 a madzi si 10 peresenti

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa tsamba lanu la makalata za kanthu kooneka kopanda pake, koma kofala kwambiri. Ndine mphunzitsi wa sayansi, ndipo nthawi yanga yambiri imathera poyang'anira ana akamayeza ndi kusakaniza zinthu mu labotale. Kanthu kake ndi aka: munthu akauzidwa kuti akonze madzi amchere a 10 peresenti potengera kulemera, amayeza magalamu 10 a mchere, amayeza magalamu 100 a madzi, amathira pamodzi, n'kulemba pabotolo kuti 10 peresenti. Ndaziona m'makope a ophunzira, ndaziona m'timapepala ta malangizo tomata pakhoma, ndipo ndazimva pakamwa pa anthu amene anapita patali ndi sukulu kuposa ine. Madzi amenewo si a 10 peresenti ayi. Ndi a 9.09 peresenti.

Nkhani yagona pa nambala imene tikugawira. Peresenti ya kulemera imafunsa funso limodzi lokha: pa magalamu 100 aliwonse a zimene zili m'botolomo, mchere ndi magalamu angati? Zimene zili m'botolomo si madzi okha. Mchere uja sunapite kwina, wangosungunuka n'kusiya kuoneka, koma sikelo ikuuwerengabe. Mukathira magalamu 10 a mchere m'magalamu 100 a madzi, sikelo iwerenga 110. Gawani 10 ndi 110, chulukitsani ndi 100, mupeza 9.09. Kuti ikhale 10 peresenti yeniyeni, mchere ukhale magalamu 10, madzi akhale magalamu 90, zonse pamodzi 100. Ophunzira anga ndimawafunsa za kalasi ya ana 100 momwe atsikana ndi 10 peresenti. Palibe amene amayankha kuti muli anyamata 100 ndi atsikana 10. Aliyense amadziwa kuti atsikanawo ali m'gulu la 100 lomwelo, choncho anyamata ndi 90. Koma tikangofika pa mchere nzeru yomweyo imathawa, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa choti mcherewo wasowa m'maso, ndiye mutu umauiwala. Mfundo yoti kulemera sikutayika zinthu zikasakanizidwa si ya dzulo. Katswiri wa sayansi wa ku France, Antoine Lavoisier, anailemba momveka bwino kale mu 1789, ndipo mwana aliyense amene ali ndi sikelo atha kuitsimikizira yekha.

Wina anena kuti, aphunzitsi, kusiyana kwa 10 ndi 9.09 mpaka kulembera kalata kunyuzipepala? Mchere ukakhala wochepa ndivomera kuti kusiyanako sikuoneka. Galamu imodzi m'magalamu 100 a madzi imapereka 0.99 peresenti, ndipo sindingakangane ndi munthu amene walemba 1. Koma mchere ukamachuluka, cholakwacho chimakula nawo. Magalamu 5 amapereka 4.76. Magalamu 20 amapereka 16.7, osati 20. Magalamu 25 amapereka 20 yeniyeni, kutanthauza kuti munthu amene amafuna 25 peresenti waperewera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a zimene amafuna. Ndipo manambalawa ali ndi ntchito yake. Madzi amchere amaundana mochedwa kuposa madzi wamba, n'chifukwa chake amagwiritsidwa ntchito m'mafakitale oziziritsa zinthu komanso pamisewu ya mayiko ozizira. A 20 peresenti amakhalabe amadzimadzi mpaka pafupifupi madigiri 16 pansi pa ziro, pomwe a 16.7 peresenti amayamba kuundana asanafike madigiri 13 pansi pa ziro. Amene amafuna madzi osaundana msanga kuposa onse amakonza a 23.3 peresenti, amene amapirira mpaka madigiri 21 pansi pa ziro. Munthu wa fakitale amene wasokoneza 20 ndi 16.7 adzaona mapaipi ake atatsekeka, ndipo adzayamba kuimba mlandu makina osalakwa.

Kakonzedwe kake ndi kosavuta, bola munthu amve kaye funso limene wafunsidwa, chifukwa mafunso ake alipo awiri ndipo amafanana nkhope. Loyamba limati: konza magalamu 500 a madzi amchere a 4 peresenti. Apa 500 ndi zonse pamodzi. Mchere ndi 4 peresenti ya 500, amene ndi magalamu 20, ndipo madzi ndi chotsalacho, magalamu 480. Lachiwiri limati: uli ndi magalamu 500 a madzi, uthiremo mchere wochuluka bwanji kuti akhale a 4 peresenti? Apa 500 ndi madzi okha, ndipo madziwo ayenera kukhala 96 peresenti ya zonse. Ndiye muchulukitse 500 ndi 4, mugawe ndi 96, mupeza magalamu 20.83. Ngati mukukayika, bwererani chammbuyo: 20.83 kugawa ndi 520.83 ikupatsani 4 pa 100. Ine mwana amene walemba yankho popanda kubwerera chammbuyo chonchi sindimuchongera msanga, ngakhale yankholo likhale lolondola, chifukwa kubwererako n'kumene kumagwira cholakwa chisanalowe m'botolo.

Pa tebulo, ikani kapu youma pa sikelo n'kuibweza sikeloyo pa ziro, kuti kulemera kwa kapu kusalowe m'masamu. Thirani mchere pang'onopang'ono mpaka nambala ikwane. Kenako thirani madzi m'kapu yomweyo mpaka sikelo iwerenge kulemera kwa zonse pamodzi. Pofuna magalamu 500 a 4 peresenti, muima pa 20 ndi mchere, muima pa 500 ndi madzi, basi. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa simusamutsa mchere kuchoka m'chiwiya china kupita m'china, komwe timibulu timatsalira m'mbali, komanso imakukakamizani kuona ndi maso anu kuti 500 uja mcherewo uli momwemo. Madontho omaliza muziwathira mosamala. Mukapyola, musayese kutapa madzi, chifukwa mutapa ndi mchere womwe. Lembani kulemera kumene kwapezekako n'kuwerengeranso peresenti yake, kapena yambiraninso. Takasani mpaka pansi pasatsale kambulu ndi kamodzi komwe. Mchere wokhala pansi uli m'kapu, inde, koma sunalowe m'madzi, ndipo madzi apamwamba amene mutunge adzakhala osakwana mphamvu.

Sikelo nazo zili ndi malire. Zambiri zimene anthu ali nazo zimawerenga magalamu athunthu okha. Mukafuna magalamu 100 a 0.9 peresenti, mchere wake ndi magalamu 0.9, ndipo sikelo yotere singakuuzeni kusiyana kwa 0.6 ndi 1.4, zonse izitchula 1. Mankhwala ake ndi kukonza zambiri: magalamu 9 a mchere ndi magalamu 991 a madzi. Kuphonya kwa theka la galamu pa 9 n'kopiririka kusiyana ndi kuphonya kwa theka la galamu pa 0.9. Mcherewo ukhalenso wouma. Chinyezi cha mumpweya chikapitirira pafupifupi 75 peresenti, mchere umayamba kukoka madzi mpaka kumata, ndipo amene wayeza magalamu 10 a mchere wonyowa wayeza mchere ndi madzi pamodzi. M'malabotale osamala amauumitsa kaye mu uvuni n'kuusunga m'chiwiya chotseka bwino.

Ambiri amafunsa chifukwa chimene ndimaumirira kuyeza madzi pa sikelo pomwe pali chiwiya chokhala ndi mizere ya mamililita. Ndi zoona kuti mililita imodzi ya madzi wamba imalemera pafupifupi galamu imodzi, ndipo pa ntchito ya m'kalasi mamililita 90 angaimire magalamu 90 popanda vuto. Koma mawu oti pafupifupi aja tisawataye. Lita imodzi ya madzi pa madigiri 20 imalemera magalamu 998, pomwe pa madigiri 80 imalemera 972, chifukwa madzi akatentha amafufuma. Kulemera kwa chinthu sikusintha ndi kutentha, koma malo amene chikutenga amasintha. Ubwino wonse wa peresenti ya kulemera uli pamenepa. Madzi a 10 peresenti amene mwakonza m'mawa kukuzizira amakhalabe a 10 peresenti masana dzuwa likuswa mtengo, bola botolo likhale lotseka.

Pali chinthu china chimene chimandisangalatsa chaka ndi chaka, ngakhale ndachionetsa kambirimbiri. Magalamu 90 a madzi amatenga malo a mamililita 90.2. Magalamu 10 a mchere wouma amatenga pafupifupi mamililita 4.6, popeza mchere ndi wolemera kuposa madzi kawiri ndi kanthu. Mukaphatikiza manambalawa mupeza 94.8. Koma mukasungunula mcherewo n'kuyeza, mupeza mamililita 93.4 okha. Mililita imodzi ndi kanthu yasowa, chonsecho sikelo ikuwerengabe 100, osachepa ngakhale pang'ono. Chimachitika n'choti mchere ukasungunuka umagawika kukhala tizigawo ta sodiyamu ndi ta kolorayidi tokhala ndi mphamvu yamagetsi, ndipo tizigawo timeneti timakokera mamolekyu a madzi, amene ndi tizigawo ting'onoting'ono kwambiri ta madzi, pafupi kwambiri, n'kuwapanikiza kuposa mmene amakhalira okha. Magalamu mutha kuwaphatikiza mtima uli m'malo. Mamililita musawakhulupirire chotero.

Apa m'pamene pamalowa chisokonezo chachiwiri, chimene sichichokera kwa ana koma kwa ife olemba malangizo. Peresenti za madzi amchere zilipo zoposa imodzi. Pali iyi ya kulemera kwa mchere pa kulemera kwa zonse. Palinso ina imene imawerenga magalamu a mchere pa mamililita 100 a madzi amchere okonzeka kale. Pokonza yachiwiriyi simuyeza madzi padera. Mumasungunula mchere m'madzi ochepa, kenako mumawonjezera madzi mpaka afike pa mzere. Magalamu 10 a mchere owonjezeredwa madzi mpaka mamililita 100 amatchedwa 10 peresenti m'njira imeneyo, koma mukawaika pa sikelo amalemera magalamu oposa 106, ndipo potengera kulemera ndi a 9.4 peresenti. Taonani tsono: mabotolo atatu, onse olembedwa 10 peresenti, lina 10 yeniyeni, lina 9.4, lina 9.09. Awiri oyambawo onse ndi olondola, aliyense m'njira yake, ndipo kulakwa kwawo n'kusanena njirayo. Lachitatu lija silili m'njira iliyonse. Ndikaona pepala la malangizo longoti konzani madzi amchere a 10 peresenti, osanena kuti ya chiyani pa chiyani, ndimadziwa kuti wolembayo wasiyira wowerenga ntchito yolosera.

Achipatala amagwiritsa ntchito njira yachiwiri ija. Diripi ya madzi amchere imene imalembedwa 0.9 peresenti ili ndi magalamu 9 a mchere pa lita imodzi. Pa mchere wochepa chonchi njira ziwirizi zimangotsala pang'ono kufanana, chifukwa lita ya madzi amenewa imalemera magalamu pafupifupi 1,005, ndiye potengera kulemera ndi 0.896 peresenti. N'chifukwa chake munthu amene anazolowera 0.9 amadabwa akauzidwa kuti pa 10 kapena 20 njirazi zimasiyana. Nambala ya 0.9 sinangotoledwa. Maselo ofiira a magazi akaikidwa m'madzi a mchere wochepa kwambiri amamwa madzi, amatupa mpaka kuphulika, ndipo akaikidwa m'madzi a mchere wambiri amataya madzi n'kukwinyika. Pa 0.9 amakhala mmene alili. Dokotala Thomas Latta wa ku Leith, ku Scotland, anathira madzi amchere m'mitsempha ya odwala kolera mu 1832, ndipo kuchokera nthawi imeneyo panapita zaka zambiri madokotala asanagwirizane za muyezo woyenera. Ndinene pano mosapita m'mbali, chifukwa ndikudziwa kuti ana amawerenga tsamba lino: kudziwa masamu a 0.9 si chilolezo chokonza madzi olowa m'mitsempha kapena m'maso. Madzi amenewo amakonzedwa m'mafakitale ndi mchere woyengedwa mwapadera, ndi madzi opanda tizilombo ngakhale kamodzi. Masamu ndi mbali imodzi chabe ya ntchitoyo.

Kwa amene akuonabe ngati ndikukokomeza za timanambala, ndimupatse nkhani ya ORS, mankhwala obwezera madzi m'thupi la munthu wotsegula m'mimba. Kwa zaka zambiri paketi yosungunula m'lita imodzi inkakhala ndi magalamu 3.5 a mchere ndi magalamu 20 a shuga wa gulukosi. Mu 2002 mabungwe a WHO ndi UNICEF analengeza muyezo watsopano: mchere magalamu 2.6, gulukosi magalamu 13.5, potaziyamu kolorayidi magalamu 1.5 ndi sodiyamu sitireti magalamu 2.9, zonse pamodzi magalamu 20.5. Mchere anauchepetsa ndi magalamu 0.9 okha pa lita yonse. Mukauwerengera m'maperesenti, wachoka pa 0.35 kufika pa 0.26, kusiyana kosakwana ngakhale 0.1. Akatswiri a dziko lonse anaona kuti kusiyana kotereku n'koyenera kusinthira malangizo, chifukwa matumbo a mwana wodwala amakumva. Tsono amene wasungunula paketi ya lita imodzi m'theka la lita, poganiza kuti mankhwala akhala amphamvu, wachulukitsa mchere kawiri, ndipo madzi a mchere wambiri amakoka madzi kuchoka m'thupi kulowa m'matumbo, zosemphana ndi zimene amafuna. Madzi akhale amene alembedwa papaketi, osachepetsa, osawonjezera.

Za supuni ndingonena mwachidule. Supuni yaing'ono ya mamililita 5, yodzaza mosefukira ayi koma mofanana ndi m'mphepete, imanyamula pafupifupi magalamu 6 a mchere wosalala. Wamibulumibulu umachepa, chifukwa pakati pa mibulu pamakhala mipata. Supuni yodzaza mpaka kutumphuka imapyola kwambiri, ndipo supuni zenizenizo sizifanana kukula. Peresenti ya kulemera ndi supuni siziyendera limodzi.

Tsopano ndifike pa chimene chimandipweteka mutu kwambiri, ndipo apa ndikulankhula ndi aphunzitsi anzanga ndi onse olemba mafunso. Mchere uli ndi polekezera. Pa madigiri 20, magalamu 100 a madzi amasungunula pafupifupi magalamu 36 a mchere, ndipo wopitirira pamenepo umangokhala pansi ngakhale mutatakasa mpaka mkono kuwawa. Cholakwa chija chimabweranso pano chitavala malaya ena: munthu amawerenga 36 n'kunena kuti madzi okhuta mchere ndi a 36 peresenti. Ayi ndithu. Ndi 36 kugawa ndi 136, zimene zimapereka 26 peresenti ndi theka. Madzi a mchere wathu wamba, umene asayansi amautcha sodiyamu kolorayidi, a 30 peresenti potengera kulemera kulibe. A 40 peresenti kulibe. Komabe ndakumanapo ndi mafunso olembedwa bwinobwino, otayipidwa, ouza mwana kuti awerengere mchere wofunika pokonza magalamu 200 a madzi amchere a 40 peresenti. Mwana amawerengera, amapeza magalamu 80 a mchere ndi 120 a madzi, amachongeredwa. Mukamupatsa sikelo ndi kapu kuti achite zimene walembazo, magalamu 120 a madzi asungunula pafupifupi magalamu 43 okha, ndipo otsala 37 akhala pansi ngati mchenga. Funso lotere limaphunzitsa mwana kuti masamu a sayansi ndi nkhani ya papepala yosakhudzana ndi zimene zimachitika m'kapu. Ine ndimaliona ngati loipa kuposa funso lovuta.

Ena amati tenthetsani madziwo, usungunuka. Kutenthetsa kumathandiza kuti mchere usungunuke msanga, koma sikusuntha polekezera paja kwenikweni. Pa madigiri 100, magalamu 100 a madzi amasungunula pafupifupi magalamu 39, amene ndi 28 peresenti. Apa mchere ndi wosiyana ndi zinthu zina zambiri. Shuga amasungunuka magalamu pafupifupi 200 m'magalamu 100 a madzi ozizira, ndipo m'madzi owira amapitirira magalamu 480. Wolemba funso amene akufunitsitsa 40 peresenti angolemba za shuga, funso lake likhala loona. Ndiwonjezere kuti amene akutenthetsa madzi kuti afulumize ntchito akumbukire nthunzi. Nthunzi imene ikukwerayo ndi madzi okhaokha, mchere umatsala. Akamaliza abwezere kapu pa sikelo n'kuwonjezera madzi amene athawa.

Mwana wina wochenjera anandifunsa funso limene ndimalikumbukirabe. Anati, ngati mchere umalekera pa 26, nanga bwanji mabuku amati nyanja ya Dead Sea ili ndi mchere pafupifupi 34 peresenti? Funso labwino zedi. Yankho lake n'loti mawu oti mchere mu sayansi ndi a banja lalikulu. Malire a 26 ndi a sodiyamu kolorayidi yekha. M'nyanja imeneyo, imene ili pakati pa Israeli ndi Jordan, mchere wambiri ndi wa magineziyamu kolorayidi, pamodzi ndi wa kashiyamu ndi potaziyamu, ndipo magineziyamu kolorayidi amasungunuka kwambiri kuposa mchere wathu wamba. Lita imodzi ya madzi ake imalemera makilogalamu pafupifupi 1.24, n'chifukwa chake munthu amayandama popanda kusambira.

Nyanja zikuluzikulu za dziko lapansi zili ndi mchere pafupifupi 3.5 peresenti, ndipo akatswiri a za nyanja amaitchula bwino nambalayi: magalamu 35 pa kilogalamu imodzi ya madzi a m'nyanja, osati pa kilogalamu ya madzi wamba. Amene akufuna madzi amphamvu yofanana nawo ayeze magalamu 35 a mchere ndi magalamu 965 a madzi. Adziwe chabe kuti wafananitsa kuchuluka kwa mchere, osati mtundu wake. Pa magalamu 35 aja, pafupifupi 19 ndi kolorayidi, pafupifupi 11 ndi sodiyamu, ndipo otsalawo ndi safeti, magineziyamu, kashiyamu, potaziyamu ndi tina ting'onoting'ono. Nsomba ya m'nyanja yamchere singakhale nthawi yaitali m'madzi a sodiyamu kolorayidi yekha. Katswiri wa sayansi William Dittmar wa ku Glasgow, ku Scotland, atapima madzi 77 otungidwa m'nyanja zosiyanasiyana pa ulendo wa sitima ya HMS Challenger wa 1872 mpaka 1876, anasonyeza mu 1884 kuti magawo a michere imeneyi amakhala ofanana kulikonse, ngakhale kuchuluka kwa mchere wonse kumasiyana. Red Sea ili ndi pafupifupi 4 peresenti chifukwa cha dzuwa ndi kuchepa kwa mvula, pomwe mbali zambiri za nyanja ya Baltic ya kumpoto kwa Ulaya, momwe mumathira mitsinje yambiri, sizifika ngakhale 1 peresenti. Yerekezani 3.5 ya m'nyanja ndi 0.26 ya ORS, muona chifukwa chake munthu waludzu pakati pa nyanja sapulumuka pomwa madzi amene amuzungulira.

Pochepetsa mphamvu ya madzi amchere napo anthu amagwa m'dzenje lomwelo. Tinene kuti muli ndi a 20 peresenti ndipo mukufuna magalamu 400 a 5 peresenti. Funsani kaye za mchere: 5 peresenti ya 400 ndi magalamu 20. Magalamu 20 a mchere ali m'magalamu 100 a madzi anu amphamvu aja. Tengani magalamu 100 amenewo, wonjezerani magalamu 300 a madzi wamba. Amene amaganiza kuti kuchepetsa kanayi ndi kuthira miyezo inayi ya madzi pa muyezo umodzi amathira 400, zonse zimakhala 500, ndipo amapeza 4 peresenti. Muyezo woyamba uja wauiwala, monga anaiwalira mchere. Posakaniza mabotolo awiri, maperesenti sawaphatikiza n'kugawa pakati pokhapokha ngati kulemera kwake kuli kofanana. Magalamu 100 a 10 peresenti ndi magalamu 300 a 2 peresenti ali ndi mchere magalamu 10 ndi 6, pamodzi 16, m'magalamu 400. Yankho ndi 4 peresenti, osati 6. Nalo botolo losiyidwa pululu limasintha lokha. Magalamu 200 a 5 peresenti akataya magalamu 40 a madzi, mchere ukadali magalamu 10, koma tsopano uli m'magalamu 160, ndipo afika pa 6.25 peresenti chikwangwani chikunenabe 5.

Pempho langa kwa olemba mafunso, mabuku ndi timapepala ta malangizo n'laling'ono. Akalemba peresenti ya madzi amchere, awonjezere mawu ochepa onena ngati ndi ya kulemera pa kulemera kapena ya magalamu pa mamililita 100, ndipo ngati mcherewo ndi sodiyamu kolorayidi, nambala ya kulemera pa kulemera isapitirire 26. Okonza madziwo alembe pabotolo magalamu a mchere, magalamu a madzi ndi tsiku, kuti wobwera pambuyo athe kuwerengera yekha m'malo mokhulupirira nambala imodzi.

Amene apeza botolo la madzi amchere lopanda chikwangwani, ndipo akudziwa kuti mulibe china koma mchere ndi madzi, asalawe. Ayeze mamililita 100 mosamala n'kuwaika pa sikelo. Pa madigiri 20, akalemera magalamu 103.4 ndi a 5 peresenti, akalemera 107 ndi a 10, akalemera pafupifupi 115 ndi a 20, ndipo akafika 120 ndiye kuti akhuta, sangalandirenso mchere wina.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sayansi